Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kope la akhansala

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka inu a ku Joni amene mumati mumawerenga usiku mukaweruka. Ambiri mwafunsa kuti nditachotsedwa ntchito ku esiteti kuja ndinapezeka bwanji m'ndale. Ena mwafunsa mwaulemu, ena ayi. Wina wanditchula kazitape, ndipo ngakhale wabisa dzina ndamudziwa, poti tinkaimba kwaya imodzi. Achimwene, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Chaka cha 2018 chinatha ndikupalasa kabaza pakati pa Chitakale ndi pa boma ku Mulanje. Palibe chokamba pamenepo.

Kumayambiriro kwa 2019 amalume aja a ku Limbuli ananditumizira uthenga kuti Amayi akundifuna. Mukuwakumbuka Amayi, aja anandilipirira mayeso a Fomu 4 bambo atamwalira. Anali ataganiza zoima paokha pa mpando wa phungu pa chisankho cha pa 21 Meyi. Wopikisana nawo wamphamvu anali akhansala athu, amene analowa mu 2014, chaka chimene makhansala anabwereranso patapita zaka zambiri kulibe. Amayi anandiuza kuti, "Mwanangu, iwe umatha kuwerenga komanso susolola pakamwa. Bambo awa akuyenda ponseponse kunena kuti chitetezo cha dera lino ndi iwo. Kandipezere zimene anachita pa zaka zisanuzi. Za m'maluwa sindikuzifuna." Anandipatsa kope lachikuto cholimba, ndalama ya mayunitsi ndi yoyendera.

Nthawi imeneyo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linali litadutsa kale ku Nyumba ya Malamulo mu 2016, koma linadzayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Ndiye panalibe chokakamiza munthu aliyense kundionetsa pepala. Ndinatembenukira kumidzi. Amene simunakhaleko m'makomiti simudziwa kuti mbiri yonse ya dera imakhala m'makope a alembi a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi), a ADC (komiti ya chitukuko cha dera) ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, osungidwa m'jumbo pansi pa bedi. Mumalembedwa tsiku, amene anabwera, amene anapepesa, ndi zimene aliyense ananena.

Ndinapezamo lonjezo la polisi yuniti. Anthu anaumba njerwa n'kuwotcha, akhansala anati malata ndi simenti zikubwera, ndipo uvuniwo ndinakauona ndekha utamera udzu. Ndinapezamonso zabwino, ndipo izi ndikufuna muzimve inu amene mumati ndinkangofuna kuipitsa munthu. Mlatho wa pa kamtsinje kamene ana asukulu ankakokoloka nthawi ya dzinja, anaulimbikira ndi iwowo mpaka unamangidwa. Ndinalemba zimenezo pa tsamba loyamba penipeni.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikupazemba kuyambira gawo 5.

A ku Mulanje simungaiwale Seputembala wa 2017. Mphekesera ya anamapopa inafika kwathu kuno n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Tinkagona panja m'magulu, amayi ndi ana pakati, amuna m'mbali, tikumenya zitini usiku wonse. Anyamata ankatseka misewu ndi zipika ndi miyala. Anthu anaphedwa popanda mlandu. Mu Okutobala bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachita kubwera yekha kudzalankhula ndi anthu.

Msuweni wanga uja, mlangizi wa zaumoyo, ankachokera kusikelo ya kumudzi dzuwa litapendeka, bokosi la katemera atalimanga pakaliyala. Anamuimitsa pachipika. Atatsegula bokosi n'kuona majakisoni, sanafunsenso kanthu. Iye ankangoti, "Ndine ndemwe, ndine adokotala a kusikelo," koma phokoso linamuposa. Ena mwa omwe anamumenya, ana awo anawabaya katemera ndi iyeyo. Anapulumuka chifukwa agogo ena anadziponya pamwamba pake akulira kuti muyambe mwapha ine. Ine ndinamupeza kuchipatala m'mawa mwake. Nkhope inali yotupa moti ndinamuzindikira ndi chipsera cha pachala chomwe anadzitema ndi chikwanje tili ana. Azakhali anakhala pansi pasimenti atagwira malaya ake oyera aja, ong'ambika, okhaokha magazi, osalira, osayankhula. Anakana kuti malayawo achapidwe. Khutu lake lamanzere silimvanso mpaka lero, ndipo mukamayenda naye amakuzungulirani kuti mukhale kudzanja lamanja.

Patapita chaka ndi miyezi, ndili pakhonde pa mlembi wa komiti ya chitetezo, ndinatsegula kope lina lodyedwa ndi makoswe pakona. Munali msonkhano wa sabata yomweyo imene msuweni wanga anamenyedwa, iye asanamenyedwe. Akhansala analipo, siginecha yawo ili pamwamba. Mlembi analemba ndi bolopeni yofiira kuti akhansala atsimikizira anthu kuti anamapopa alipodi, ndipo alangiza anyamata kuti aliyense woyenda ndi chikwama kapena bokosi dzuwa likalowa athane naye okha, asadikire apolisi. Ndinawerenga mzerewo mobwereza. Mlembi anandifunsa ngati ndikudwala, poti manja ankanjenjemera. Mkazi wake anandibweretsera madzi m'kapu, ndinalephera kumwa.

Sindinathamange nazo. Kope likhoza kunama, mlembi akhoza kumva molakwa. Ndinafunafuna anthu amene mayina awo anali pamndandanda wa obwera, n'kuwafunsa aliyense payekha, osawauza zimene ndawerenga. Nduna ya amfumu, mphunzitsi wina ndi amayi ena ogulitsa nanazi pamsewu ananena zofanana. Mphunzitsiyo anawonjezera kuti iye anaimirira kutsutsa, anthu n'kumukuwiza.

Kenaka ndinapita kwa msuweni wanga, chifukwa bala linali lake. Anamvetsera atapendeketsa mutu. Anati, "Asuweni, mawu awowo kaneneni, anawayankhula pagulu. Koma khutu langali musakwere nalo pansanja." Ndinasunga pempho lakelo. Pa kampeni yonse dzina lake silinatchulidwe, ndipo lero ndalemba izi iye atandilola.

Anyamata ena a kampeni yathu sanakondwe nane. Ankafuna nkhani za akazi a akhansala, za mwana wina amene amati ali ku Muloza, zoti aziponya m'magulu a WhatsApp. Ndinakana, ndipo mmodzi anandinena kwa Amayi kuti ndadya za mbali inayo. Mwana wa ku Muloza sanatseke msewu, sanamenye munthu. Ine ananditumira za chitetezo, ndipo munthu amene akupempha voti ponena kuti adzatiteteza ayenera kuyankha za tsiku limene tinkafuna chitetezocho. Ndiye achimwene a kwaya, ine sindinamvetsere pazenera la munthu. Ndinawerenga zimene zinanenedwa pabwalo masana, inunso muli pomwepo, poti dzina lanu ndinaliona pamndandanda uja.

Kope ndinakapereka mu Malichi, sabata imene mvula ya chigumula ija inagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera. Amayi anawerenga tsamba lililonse ine ndili chikhalire, ndipo anati pamsonkhano adzayamba ndi kuwayamikira akhansala za mlatho, kenaka adzawafunsa za 2017. Zimene zinachitika pamsonkhanowo, ndi za miyala imene inagwa padenga langa usiku wake, ndidzakamba mu gawo 10.