Zomwe tinakaona ku Domasi pa nkhani ya mawu a Chingerezi omveka mofanana

Ulendowu unabadwira ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'sukulu za zoni yathu timakumanirako kuno ku Dedza, tsiku lomwe a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, anabwera ndi mulu wa mapepala a mayeso oyeserera a Sitandade 8 n'kutigawira kuti tione pomwe ana akutayira malikisi pa Chingerezi. Sizinatenge nthawi kuti tione. Mwana akufuna kunena sabata yatha akulemba "last weak", wina "I went their", winanso "we eat meet on Sunday". Chiganizo chili bwino, ganizo likumveka, koma liwu lolembedwalo ndi la tanthauzo lina. Mnzathu wina anati mayi amene anaphunzira naye limodzi za uphunzitsi, yemwe tsopano ali pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Domasi m'boma la Zomba, ali ndi njira yake yothanirana ndi vutoli. Tinagwirizana zosonkherana ya minibasi kuti tikaone ndi maso athu.

Tinanyamuka kusanache, titavala majuzi monga mwa nthawi zonse ku Dedza. Pa Lizulu tinaima kugula kachewere ndi kabichi kuti tisakafike chimanjamanja kwa eni mudzi. Phunziro linayambira pomwepo tisanafike n'komwe, chifukwa pa khoma la kagolosale kena panalembedwa kuti amagulitsa "stationary". Mkangano unabuka m'minibasi, ena akuti kalembedweko n'kolondola, ena akukana, mpaka mmodzi anatulutsa dikishonale ya m'foni. Makope, zolembera ndi maenivelopu ndi "stationery", ya e. "Stationary" ya a ndi chinthu choima, chosayenda, monga galimoto yofera pamsewu. Kuyambira pamenepo aliyense maso anali pa zikwangwani. Pa Chingeni tinasiya msewu wa M1 kulowera ku Balaka, pofika pa Liwonde majuzi onse anali m'zikwama, ndipo tinafika pa sukulupo ana ali pa nthawi yopuma.

Aphunzitsi aakulu sanatichedwetse ndi malonje ataliatali. Anatitengera m'kalasi ya Sitandade 6, tinakhala kumbuyo pa mabenchi.

Chomwe chinayamba kundikopa ndi makatoni awiri a sopo omwe anali patebulo la Madamu, mayi tinadzawaona aja. M'katoni iliyonse munali makadi odula kuchokera ku makatoni ena, olembedwa ndi maka liwu limodzi limodzi. Anayamba ndi katoni yoyamba. Gulu lililonse la ana linalandira makadi atatu: "to", "too" ndi "two". Madamu sanatchule liwu palokha ngakhale kamodzi. Ankawerenga chiganizo chathunthu, monga "The tea is too hot", ndipo gulu linkakambirana mwakachetechete kenaka n'kukweza khadi limodzi m'mwamba. Gulu lina linakweza "two". Madamu sanawauze kuti alakwa, anangofunsa m'Chichewa kuti, "Ana inu, makapu a tiyi ndi angati m'chiganizochi?" Kamtsikana kena kanayang'ana khadi lawolo, kanaseka, n'kulitsitsa kokha.

Atatha, anawauza anawo kuti aliyense apange chiganizo chake, ndipo chiganizocho chikhale cha zinthu za kwawo: chigayo, mjigo, njinga ya kabaza, msika. Anatifotokozera pambuyo pake kuti mawu a m'katoni yoyambayi khutu silingakuthandize, ngakhale Mngerezi weniweni amawatchula chimodzimodzi. "Week" ndi "weak", "peace" ndi "piece", "flour" ndi "flower", "break" ndi "brake", "whether" ndi "weather". Chosiyanitsa ndi tanthauzo ndi maso basi. N'chifukwa chake amadana ndi lembetso la mawu apaokhaokha, lija timangoimirira kutsogolo n'kunena kuti nambala wani, "right". Mwana alembe chiyani, "right" kapena "write"? Akalakwa timamudula malikisi chonsecho funso lenilenilo linalibe yankho limodzi.

Timachenjerero tomwe amapatsa ana tina n'tabwino kwambiri chifukwa tili m'kati mwa liwu lomwelo. M'liwu la "hear" muli "ear", khutu lomwe umamvera. M'liwu la "meat" muli "eat". "Here", "there" ndi "where" onse ndi a malo ndipo onse ali ndi "here" m'kati. "Two" ndi wa banja la "twelve", "twenty" ndi "twins", onse oyamba ndi tw. Pa "they're" amawauza kuti ayese kuikapo "they are". Chiganizo chikayenda, ndiye yemweyo, chikakana asankhe pakati pa enawo. Njira yomweyi imagwiranso pa "it's" ndi "its". Kwa a Sitandade 8 amawonjezera "practice" ndi "practise", dzina ndi mneni m'kalembedwe ka ku Britain komwe timatsatira kuno, powakumbutsa "advice" ndi "advise" omwe kusiyana kwake kumamveka ndi khutu. Kachenjerero komwe sindinagwirizane nako ndi kotengedwa m'mabuku akunja konena kuti "principal" amathera ndi "pal" chifukwa ndi mnzako. Ana athu liwu la "pal" salidziwa, ndipo palibe mwana wa kumudzi amene amaona mphunzitsi wamkulu ngati mnzake wosewera naye.

Katoni yachiwiri ndiyo tinakambirana kwambiri, mpaka nsima inatsala pang'ono kuzizira. Munali mawu monga "live" ndi "leave", "sit" ndi "seat", "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool", "staff" ndi "stuff", "lack" ndi "luck", "walk" ndi "work", komanso "pray" ndi "play", "glass" ndi "grass", "collect" ndi "correct". Awa m'kamwa mwa eni chiyankhulo samveka mofanana ayi. Amafanana m'kamwa mwathu. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo timalemba monga momwe timatchulira. Chingerezi chimalemba ndi malembo omwewo koma chimatulutsa maliwu ochuluka kuposa pamenepo, ndiye ife timawapanikiza onse kuti alowe m'asanu athu aja. "Heart", "hut" ndi "hat" onse amatuluka ngati liwu limodzi. Za l ndi r ndiye n'zodziwika: kwathu kusintha awiriwa sikusintha tanthauzo, ndipo lamulo la kalembedwe ka Chichewa limati r abwere pambuyo pa e kapena i, monga mu kupereka ndi kulira. Madamu anationetsa kope la mwana amene analemba "feering" pofuna "feeling". Mwanayo sanalembe mwachisawawa, anatsatira lamulo lomwe tinamuphunzitsa tokha pa phunziro la Chichewa.

Pa katoni iyi njira inasintha. Makadi analipo ndithu, koma ntchito inali ya khutu ndi pakamwa. Madamu ankatchula "seat" akukoka liwu milomo itatambasuka, kenaka "sit" mwachidule, ana n'kumabwereza awiriawiri, wina akutchula mnzake akuloza khadi. Pa l ndi r anawauza kuti aone pomwe lilime lili: pa "light" nsonga yake imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba, pa "right" siigunda paliponse. Kalasi yonse inali phokoso, ena akuyang'anana m'kamwa.

Apa ndi pomwe ndinaona chomwe chimatisokoneza ambirife. Mitundu iwiriyi timaiika pa mndandanda umodzi pabolodi pansi pa mutu wa "homophones", kutanthauza mawu omveka mofanana, ana n'kukopera, mawa tapita pa mutu wina. Chonsecho wodwala malungo ndi wothyoka mwendo sapatsidwa mankhwala amodzi. Mawu a m'katoni yoyamba ukawaphunzitsa ndi katchulidwe ukutaya nthawi, ndipo a m'katoni yachiwiri ukangowaloweza pamtima osakonza khutu, mwana adzalembabe zomwe akumva.

Sitinavomereze tonse. Bambo wina wa m'gulu lathu, amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, anaimirira n'kunena kuti, "Madamu, pepani, koma MANEB siyesa kuyankhula pa mayeso a Sitandade 8. Ife tinaphunzira ndi Chingerezi chomwechi cha Chimalawi ndipo tinakhoza. Tikufuna ana aziyankhula ngati a pa wailesi ya BBC?" Madamu anayankha modekha kuti, "Ayi Bambo, aziyankhula ngati Amalawi. Koma inu mukawerenga lembetso n'kunena 'live' pomwe mukufuna 'leave', mwana alemba zomwe zatuluka m'kamwa mwanu, ndipo mumuchongera ndinu nomwe." Panali kuseka, chifukwa tonse tinaonapo makalata a akuluakulu ndithu opempha "sick live".

Ine ndinaona kuti onse awiri anali ndi mfundo. Kukakamiza mwana wa ku Bembeke kuti azitchula liwu lililonse ngati wa ku London n'kosatheka ndipo n'kosafunika. Koma mawu awiriawiri omwe kusokoneza kwake kumasintha tanthauzo ndi owerengeka, mphunzitsi angathe kuwasonkhanitsa kuchokera m'makope a ana ake n'kulimbana ndi okhawo. Chovuta n'chakuti ntchitoyi imayambira pakamwa pa mphunzitsi, ndipo si aliyense amene amakonda kuuzidwa zimenezo.

Aphunzitsi aakulu a pa sukulupo, omwe amakonda mbiri, anawonjezera chinthu chomwe amati amauza ana kuti asamadzione ngati mbuli. Kalekale Angerezi ankatchula k wa mu "know" ndi "knight", komanso w wa mu "write", ndipo "meet" ndi "meat" ankamveka mosiyana. William Caxton atayambitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster m'chaka cha 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono pomwe katchulidwe kanapitiriza kusintha. Malembo osatchulidwawo ndi zotsalira za momwe makolo awo ankayankhulira. Anatinso foni ndi kompyuta sizingatipulumutse kwenikweni pa nkhaniyi, poti "hear" ndi "here" onse ndi mawu enieni, ndiye makina nthawi zambiri amangowalola kudutsa. Amene ali m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi akudziwa ma "am hear" omwe timalemberana.

Funso lomwe tinabwerera nalo losayankhidwa bwino ndi la kuchuluka kwa ana. Kalasi yomwe tinaonerayo inali yocheperako, gulu lililonse linali ndi makadi ake ndipo Madamu ankatha kuona dzanja lililonse. Ena mwa ife timaphunzitsa ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi, ena pansi pa mtengo. Anzathuwo anati tiyese kulemba mawuwo pa makadi akuluakulu n'kuwapachika mbali ziwiri za kalasi kuti ana aziloza ndi dzanja, koma anavomera kuti wolozera chifukwa choonera mnzake n'kovuta kumugwira.

Pobwerera tinamanga mfundo zathu m'minibasi momwemo. Sukulu iliyonse ikonze makatoni ake awiri, mawu ake achokere m'makope a ana a pa sukulupo osati m'buku, ndipo lembetso la mawu otere lizikhala la ziganizo zathunthu. Pa msonkhano wotsatira wa ku TDC tidzayamba ndi kuyeserana tokhatokha katchulidwe ka mawu a m'katoni yachiwiri tisanapite nawo kwa ana. Anzathu a ku Domasi apempha kudzationa teremu ikubwerayi kuti adzaone momwe timaphunzitsira chimangirizo m'Sitandade 7.