Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chaka chimene Skylab inagwa

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene tinasamuka ku Bangwe kupita ku Ndirande, bambo atapeza kamalo pafupi ndi msika koti azikonzerapo mawailesi. Lero tili mu 1979. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo ntchito yanga ndikaweruka inali yokolezera makala m'kambaula kotenthetsera chitsulo chowotcherera mawaya.

Achinyamata a lero mudziwe kuti nthawi imeneyo kunalibe wailesi ya kanema m'Malawi muno. TVM inadzatsegulidwa mu 1999. Nkhani zonse zinkadzera pa wailesi, ndipo mawailesi a theka la Ndirande, a Nzeru ndi ena ochokera kunja, ankadzera pa benchi ya bambo. Akamaliza kukonza wailesi ankayamba aiyesa pa MBC, kenako n'kuisunthira pa shotiwevu kuti amve BBC kapena Voice of America, amvekere akuyesa ngati ikukoka bwino. Zoona zake n'zakuti ankafuna nkhani. Sukulu analekezera panjira, koma Chingerezi cha pa wailesi ankachimva, ndipo anthu ankabwera kudzakhala pa benchipo ngakhale alibe wailesi yowonongeka.

Chakumapeto kwa June mphekesera inafika pamsika yakuti chitsulo cha Amereka, chachikulu ngati nyumba, chathothoka kumwamba ndipo palibe akudziwa pamene chigwere. Ena ankati ndi bomba. Ena ankati ndi zija zinalembedwa m'Chivumbulutso. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi nafe anabwera atagwira m'chiuno.

"Bambo a mawailesi, tandiuzani zoona. Ana angawa ndiwatumize kumudzi ku Thyolo?"

"Mayi, kodi ku Thyolo kulibe thambo?" anayankha bambo osadzutsa n'komwe mutu.

Anthu anaseka, koma mayiyo sanaseke, ndiye bambo anaika chitsulo pamoto n'kuyamba kufotokoza. Chinthucho dzina lake chinali Skylab, nyumba yogwiriramo ntchito za sayansi imene Amereka anaitumiza m'mlengalenga mu May 1973. Inkalemera pafupifupi matani 77 ndipo inkazungulira dziko pa mtunda woposa makilomita 400 kuchokera pansi. Munakhalamo magulu atatu, anthu atatuatatu, ndipo gulu lomaliza linatha masiku 84 lisanabwerere mu February 1974. Kuyambira pamenepo inkangozungulira yopanda munthu. Eni ake ankayembekezera kuti chombo chawo chatsopano, Space Shuttle, chidzapita kukaikankhira m'mwamba, koma chombocho chinachedwa. Chinadzauluka koyamba mu 1981. Pamene ankadikira, dzuwa linawonjezera ukali, mpweya wa kumtunda kwenikweni unafufuma n'kuyamba kuikoka pang'onopang'ono. Bambo anati zili ngati kupalasa njinga moyang'anizana ndi mphepo: ukasiya kupalasa, mphepo ndiyo imalamula. Anawonjezera kuti gawo lalikulu la dziko lapansi ndi madzi, choncho mayiyo apitirize kukazinga zitumbuwa.

Koma chimene chinkawasangalatsa bambo pa Skylab si kugwa kwake ayi. Chinali chakuti inawonongeka tsiku lomwelo imene inanyamuka, anthu n'kupita kukaikonza. Roketi ikukwera, chishango choteteza ku dzuwa chinang'ambika n'kupita nalo phiko limodzi lopangira magetsi, linalo n'kukanirira osatambasuka. Mkatimo munatentha moti munthu sakanakhalamo. Gulu loyamba, lotsogozedwa ndi Pete Conrad, linanyamula chotchinga chonga ambulera n'kuchitulutsira pakabowo, kutentha n'kutsika. Kenako Conrad ndi Joseph Kerwin anatuluka panja, anadula kachitsulo kamene kanagwira phiko lija ndi chodulira chomangirira ku ndodo yaitali, n'kulikoka ndi chingwe mpaka linatambasuka. Bambo akafika pamenepa ankaimirira, pulayala ili m'manja, kuonetsa m'mene anadulira. Ankati, "Mwaona? Nawonso ndi amisiri ngati ife tomwe. Kungoti shedi yawo ili patali."

Za Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin kuponda pamwezi mu July 1969 ankazikamba mwachidule, ngati nkhani ya mpira imene aliyense akudziwa kale zigoli zake. Ulendo umene ankaukonda unali wa Apollo 13, wa mu April 1970, umene sunatere n'komwe pamwezi. Thanki ya okosijeni inaphulika ali m'njira, ndipo Jim Lovell ndi anzake awiri anathawira m'kachombo kotera pamwezi, kamene kanapangidwira anthu awiri. Mpweya woipa utayamba kuchuluka, zosefera zimene anali nazo zambiri zinali za makona anayi pamene malo ozilowetsa anali ozungulira. Anazilumikiza ndi mapepala apulasitiki, katoni ndi tepi, onse atatu n'kubwerera amoyo. Ine lero ndimaona kuti bambo ankakondera. Kutera pamwezi inali ntchito yaikulu kuposa kumata tepi. Koma munthu amene tsiku lililonse ankadzutsa wailesi yakufa ndi zipangizo zozula mu inzake, mungamuuze chiyani?

Panali mbali ina ya nkhaniyi imene sinkakambidwa pamsika. Inali nthawi ya Kamuzu, ndipo kutamanda dziko la chikomyunizimu pagulu kunali kudziputira mavuto. Sunkadziwa kuti wakhala nawe pa benchi ndani. Za anthu a ku Soviet Union ndinkazimva kunyumba, tikudya nsima, chitseko chili chotseka. Kumeneko ndi kumene bambo anandiuza kuti oyamba kupita m'mlengalenga sanali Amereka. Sputnik, kachombo kawo kopanda munthu, inazungulira dziko mu October 1957, mwezi wotsatira anatumiza galu Laika amene sanabwerere, ndipo pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anazungulira dziko kamodzi pa ulendo wa mphindi 108. Mu 1963 anapita Valentina Tereshkova, mayi amene poyamba ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu. Amayi anga, amene mchimwene wawo ankagwira ntchito yoomba nsalu ku Makata, apa ndi pamene anatchera khutu. Ndipo mmisiri wamkulu wa maroketi onsewo, Sergei Korolev, boma lake linabisa dzina lake mpaka anamwalira mu 1966. Bambo ankangopukusa mutu. "Wakonza ndiwe, koma wotchuka ndi amene wanyamula wailesi paphewa."

"Ababa, nanga bwanji pamsika simunena zimenezi?" ndinafunsa tsiku lina.

"Iwe, idya nsima."

Tsiku lenileni limene Skylab inagwa linali Lachitatu, pa 11 July. Chiperoni chinali chitakuta phiri la Ndirande kuyambira m'mawa, moti ngakhale chitsulocho chikanadutsa pamwamba pathu sitikanachiona. Kusukulu ana ena sanabwere. Madzulo anthu anadzaza pakhonde pathu, ena atafunda zitenje, bambo atalumikiza mabatire atsopano ndi waya wautali wokolekera pa mtengo wa mapeyala. Mawu ankabwera n'kumapita. Usiku womwewo tinamva kuti zidutswa zagwera m'nyanja ya Indian Ocean ndi kumadzulo kwa Australia, ndipo palibe amene wavulala. Anthu anabalalika mokhala ngati akhumudwa pang'ono. Mkulu wina anadandaula kuti wamwera ndalama ya lendi poganiza kuti kulibe mawa, ndipo mkazi wake anamulondola mpaka kunyumba akumulalatira.

Patapita nthawi tinamvanso kuti khonsolo ya tauni ya Esperance ku Australia inalamula NASA, bungwe la Amereka loona za maulendo a m'mlengalenga, kuti ilipire chindapusa cha madola 400 chifukwa chotaya zinyalala. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kwa miyezi ingapo aliyense wotaya makoko a nzimbe pafupi ndi shedi yathu ankauzidwa kuti alipire madola 400.

Tchuthi chotsatira anandilola kugwira chitsulo chowotcherera koyamba, ndipo wailesi yoyamba imene ndinatsegula ndekha inali ya mayi wa zitumbuwa uja. Vuto linali waya wa sipika basi. Anandilipira zitumbuwa, bambo n'kutenga theka, amvekere ya makala. M'gawo lotsatira ndidzakamba za mayeso a Sitandade 8, ndi m'mene ndalama za mawailesiwo zinaperewera pa fizi ya ku sekondale.