Anandichotsa chiberekero, koma za HB (mlingo wa magazi mthupi) palibe anandiuza

Yakwana miyezi 4 chichitireni opaleshoni ndiye ndati ndilembe, mwina wina wa ma fibroids (zotupa za mchiberekero) ngati ine athandizika. Zaka zitatu ndimakhala kumwezi masiku khumi, magazi amibulumibulu, mapadi awiri nthawi imodzi komanso chitenje chopinda pampando wa minibasi. Mimba inatupa mpaka kutchalitchi kumandifunsa kuti "mayi, kodi kukubwera wina?"

Za kalata ya referral, sikani ndi mzere wa ku gayini (kwa madokotala a matenda a amayi) sinditaya nazo nthawi, ingolawirirani. Chomwe chinandiwawa ndi tsiku loyamba la opaleshoni lomwe anandipatsa. Ndinagonekedwa bwinobwino, achemwali anga atachoka kumudzi kudzakhala gadiyani, ufa, ndowa, makala zonse tanyamula, usiku akuti musadye kanthu kuyambira 12 koloko, ine osamwa ngakhale madzi, mmawa ndavala kale chovala cha ku fiyeta adokotala kutsegula failo nkuti "mayi, HB yanu ili pa 7, magazi oti tikuikeni palibe, sitingakuchiteni." Miyezi iwiri ndikudikira deti imeneyi palibe ngakhale mmodzi anandiuza kuti ndiyezetse magazi! Thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera inangopita madzi, tchuthi cha kuntchito chimodzimodzi. Ndinalira pa benchi panja, osati chifukwa cha ululu ayi, mkwiyo.

Ndiye amayi anzanga, akakupatsani deti yezetsani HB mwezi ulipo, ndipo mapiritsi owonjezera magazi aja imwani ngakhale amadetsa chimbudzi. Ine ndinabwerera ili pa 11 ndipo zinatheka.

Mukatuluka ku fiyeta mumakhala ndi kachubu ka mkodzo, mawa lake anesi amakudzutsani kuti muyende, mowerama ngati gogo koma yendani ndithu. Kutsokomola ndimayamba ndakumbatira pilo pamimba. Masabata 6 osanyamula ndowa, osasinja, abambo akunyumba nawonso adikire.

Ndaiwala, musanasaine fomu funsani kuti achotsa chiyani kwenikweni. Ine anandisiyira mabasiketi a mazira nchifukwa chake sindikumva kutentha thupi ngati amayi osiya kusamba. Ngati khomo la chiberekero alisiya, kuyezetsa khansa kumapitirira.

Apongozi anga ankanong'ona kuti mkazi wochotsedwa chiberekero amazizira, banja litha. Bodza. Kale ndi pomwe kunyumba kunali kovuta, munthu theka la mwezi uli pa padi, kukwera kachitunda kokha phuma. Inde tsiku lina ndinaona khanda la aneba ndikumva kuwawa mumtima ngakhale ndili nawo ana awiri, zimachitika. Koma pano ndikuvala siketi yoyera osacheukacheuka kumbuyo.

HB ija musaiwale chonde. Zotsatira za chotupa chomwe anatumiza ku labu mpaka lero akuti mubwere sabata yamawa, ndapitako katatu.