Zikomo a Mzuzu, mendulo ya Comrades ndabwera nayo

Ndafika bwino abale anga. Amene mwakhala mukuimba foni osayankhidwa mundikhululukire, miyendo ndiyo yandigoneka. Potsika pakhonde ndikuchita kutsika chafutambuyo, ana n'kumangondiseka. Ndati ndilembe pano kuti zikomo wanga afike kwa aliyense, poti zoyenda khomo ndi khomo pakadali pano sindingathe.

Kwa amene simuudziwa, Comrades ndi mpikisano wothamanga wa ku South Africa, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo unayamba mu 1921. Chaka china amatsikira kunyanja, chaka china amakwera kumtunda. Ine ndinagwera wokwera: makilomita oposa 85, kunyamuka ku Durban m'bandakucha, ndipo ufike maola 12 asanakwane. Akakwana, mkulu wa mfuti amene amaima atafulatira othamanga amaomba, basi zathera pomwepo. Kaya unatsala ndi mapazi awiri okha, palibe chako. Yanga ndi mendulo ya Vic Clapham, dzina la amene anayambitsa mpikisanowu, yomwe amapereka kwa ofika pakati pa maola 11 ndi 12. Ndi yotsiriza pamndandanda, komanso ndi kakang'ono zedi, koma pasapezeke wodzaipeputsa pamaso panga.

Ndiyambe ndi inu bambo a kunyumba. Simuthamanga, ndipo munanena poyera kuti zothamanga popanda wokupirikitsa simuzimvetsa. Koma mutaona kuti sindikusintha maganizo, munakonzetsa njinga ija. Chisanu cha kuno tonse timachidziwa, nkhungu ili tolo, mvula ikuwaza, inu muli pambuyo panga ndi tochi ndi botolo la madzi, kuopseza agalu, kuyankha anthu ofunsa kuti mayiwa akuthawa chiyani. Munkafika kuntchito maso ali psuu ndi tulo. Sindinamvepo mukudandaula, kupatula za tayala lakumbuyo.

Kenaka anzanga a gulu lathu lothamanga. Pano ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa mpikisano uja ndinaumalizira mumsewu wa Nkhata Bay ndisanakwere n'komwe basi ya ku Joni. Ine ndinkakonda njira ya ku Ekwendeni. Inu munakana, munati Loweruka lililonse tizitsetsereka kulowera kunyanja mpaka mawondo adandaule, kenaka titembenuke tikwere kubwerera ku Mzuzu dzuwa litatuluka. Ndinkakutukwanani chamumtima. Akulu athu aja, amene tsitsi linayera kale koma amatisiya tonse pachitunda, ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga mapolo a magetsi: kuthamanga angapo, kuyenda amodzi, osadikira kuti thupi lichite kukukakamiza.

Zitunda zotchuka za Comrades ndi zisanu. Cowies Hill, Fields Hill ndi Botha's Hill zimabwera usanafike ku Drummond, pamene pali pafupifupi theka la ulendo. Fields ndi yaitali, yosatha, ndipo ndi pamene ndinaona anyamata amphamvu akundipitirira ngati ndaima. Ambiri a iwo ndinawapeza atakhala m'mbali mwa msewu ku Inchanga, chitunda chimene chimakulandira ukangochoka ku Drummond, dzuwa lili paliwombo. Apo minofu ya kumbuyo kwa ntchafu inayamba kukokana, ndipo ndinabwerera ku mapolo aja. Polly Shortts ndiye amakudikira kumapeto, patatsala makilomita osakwana khumi. Ndinayenda chitunda chonsecho, pamodzi ndi khamu lonse limene ndinali nalo. Amene amati kuyenda pampikisano n'kochititsa manyazi akayambe wakaona Polly Shortts atathamanga kale tsiku lonse, tidzakambirane bwino.

Pali anthu ena amene sadzawerenga izi, koma ndiwatchulebe. Kumeneko kuli zimene amazitcha mabasi: munthu mmodzi wodziwa njira amanyamula kambendera kolembedwa nthawi, ofuna kufika nthawi imeneyo n'kumamutsata. Nditaona kuti masamu anga ayamba kusokonekera ndinalowa basi ya maola 12. Dalaivala wake ankatiuza pothamanga ndi poyenda, kutiimbitsa nyimbo, kukalipira ofuna kutsogola. Dzina lake sindinafunse. Chimodzimodzi amayi amene anandipatsa mbatatesi yophika yothira mchere pamene mimba inali itakana zotsekemera zonse. Ndipo inu achimwene amene munaona mbendera ya Malawi pamalaya anga cha ku Camperdown, n'kukuwa kuti “Achemwali limbani, kwathu sitigonja!”, mukuthamanga nane m'mbali mwa msewu mutavala patapata, dziwani kuti munandiliza.

Poyambira paja, titapanikizana mumdima kutsogolo kwa Durban City Hall kudikira kulira kwa tambala kumene amaika pa zokuzira mawu mfuti isanaombe, ndinakumbukira kuti akazi ndi anthu akuda analoledwa mwalamulo kuthamanga mpikisanowu mu 1975. Amayi anga anali atabadwa kale nthawi imeneyo. Iwo mpaka lero amati mtsikana wothamangathamanga sakhalitsa pabanja, komabe ndi iwo amene anasala kudya tsiku limenelo kundipempherera. Amayi, zikomo, ndipo banja likadalipo.

Za ndalama ndisabise. Kulembetsa, pasipoti, nsapato, thiransipoti, zonsezi malipiro anga sakanakwanitsa. Amayi anzanga a banki m'khonde munandibwereketsa, ena munaonjezera zanu zapadera osafuna kuti ndidziwe, koma ndinadziwa. Ngongole ndibweza monga tinapanganira. Alamu anga ku Durban, munandisiyira bedi lanu, munandiphikira nsima usiku wa mpikisano pamene ena ankalimbikira pasta, ndipo munandinyamula ngati thumba la chimanga kukandikweza m'galimoto ku Pietermaritzburg. Apongozi, ana munawasunga bwino, ndawapeza anenepa. Anzanga akuntchito amene munandigwirira masiku amene ndinachoka, ndikudziwa kuti ndili ndi mangawa.

Ndisaiwale anyamata a sakramento, a njinga za kabaza aja, a pa Katoto. Poyamba munkandikuwiza kuti mayi kwerani tikakusiyeni, musadzivutitse. Patapita miyezi munayamba kundiuza kuti lero mwachedwa, kapena lero mwawongolera. Yewo chomene, ŵadumbu ŵane.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi bwerani kunyumba, thobwa likhalapo, mendulo mudzaigwire ndi manja anu. Ndamvanso kuti amene wamaliza koyamba, akabwereranso chaka chotsatira n'kumaliza, amalandira mendulo ina yapadera pamwamba pa ya nthawi yake. Bambo a kunyumba nkhaniyi sindinawauze, aionera pompano. Tayala lakumbuyo ndigula ndine.