Ndinadziulula ndekha chifukwa cha journal

Ine ntchito yanga ni ya ma akaunti, ndiye mukati journal mutu wanga umathamangira ku buku lija timalembamo debit na credit tisanapititse mu leja. Ina ni ija amalembamo zofufuza ma lekichara aku yunivesite, imeneyo sindinaimalizepo kuwerenga. Koma ndili nayonso yachitatu, kabuku kanga kachinsinsi kolembamo za tsiku na tsiku, paja mawuwa anachokera ku Chifalansa komwe jour ndiye kuti tsiku. Kameneka ndinakaiwala pansi pa mpando mu Corolla ya amalume.

Motokayo injini inayamba kugogoda, amalume anaikokera ku garaji ina ku Kapata mu Chipata. Lachiwiri masana foni, a mekaniki. "Mphwanga, journal ija taiona, yaipa zedi, amalume ako ndawaitana adzaone okha."

Thukuta kamu! Mukabukumo munali zonse, mmene mu Ogasiti ananditumira kukachita savisi ine K600 ya oilo na fyuluta nkuthira petulo, nkunyamula chibwenzi na mnzake ulendo wa ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndiye pobwera tili pa Mtenguleni kalaiti kofiira ka oilo kanayaka ine nkungokweza wailesi ati kazima kokha.

Ndinadumphira njinga yahayala mpaka ku garaji. Ndinati bola amve pakamwa panga. Kufika, amalume ali chilili manja kumbuyo, ine gwa maondo pansi pa dothi la girisi na thalauzi ya ku ofesi, nkuyamba kulapa. Zonse. Mpaka nkhuku na chipisi za ku Katete ndinatchula, zomwe mukabuku simunalembedwe nkomwe.

Zii garaji yonse. Kenaka a mekaniki analowa mkati nkutuluka atanyamula crankshaft, chitsulo chachitali chija chimazungulira mkati mwa injini, nkuloza malo osalala aja pomwe pamakhala mabering'i. "Journal ni apa. Pakasowa oilo chitsulo chimadyana na chitsulo, onani mizere iyi. Tikapalitse tichotse 0.25 mm tiike mabering'i a saizi ina. Ine ndimangodabwa kuti oilo inapita kuti, apa ndamva."

Anyamata a sipanala anagona pa matayala na kuseka. Amalume sanaseke. Anatsegula chitseko cha motoka, nkupisa dzanja pansi pa mpando.

"Kabuku ukunenako nkameneka? Khala pompo, tiyambire Januwale."