Tsiku limene ndinapha agogo pa tsamba 3

Miyezi isanu ndinali kalikiliki kulemba sewero la filimu yoseketsa. Nkhani yake: agogo amwalira, ana awo ayamba kulimbirana nyumba, mzukwa wa agogowo n'kubwera kudzawawongola. Masamba 90 ndendende, zilembo za Courier saizi 12, poti tsamba limodzi lotere limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Ndinkayenda modzimva.

Koma panali kachinsinsi. Mawu onse a mzukwawo ndinaba kwa agogo anga enieni, omwe ali moyo ndithu, ndipo khutu lawo limamva ngakhale nyerere ikatsokomola.

Olemba mafilimu amasonkhanitsa anthu kuti awerenge sewero mokweza, aliyense mbali yake, n'cholinga choti amve pamene nthabwala yakanika. Ine azisudzo ndinalibe, ndiye ndinaitana abale masana, agogo atagona. Amalume ndinawapatsa mbali ya mwana wadyera (sanavutike nayo m'pang'ono pomwe), azakhali ya wolira mokokomeza, mzukwa n'kudzisungira ndekha.

Pa tsamba 3 agogo a m'sewero anagwa pampando n'kutsirizika. Pofika tsamba 11 ndinadzifunditsa nsalu yoyera ya pabedi, n'kunjenjemeretsa mawu: "Ana inu, mitu ikuluikulu koma m'katimo mphepo yokhayokha!"

Zii. Palibe anaseka. Kudzera pakabowo ka nsalu ndinaona amalume atayang'ana kumbuyo kwanga, kukamwa kuli yasa.

"Tabwereza," anatero mawu enieniwo.

Ndinatembenuka, nsalu n'kundikola mwendo, ine pansi khu! Agogo ali chilili pakhomo, ndodo m'manja.

"Agogo, ndi sewero chabe..."

"Ndamva. Wandipha ndi chiyani?"

"Mwagwa pampando, agogo."

"Pampando? Ine ndalera ana asanu ndi awiri, amalume akowa ali momwemo, osafa. Lero andiphe ndi mpando?"

Amalume anayamba kuwerenga pepala lawo mwakhama, atalizondotsa.

"Nanga kumaliro kwabwera anthu angati?"

"Asanu ndi mmodzi, agogo. Pojambula filimu khamu la anthu limadya ndalama."

Imfayo anaikhululuka, koma izi ayi. Anatola masamba onse 90, n'kuitanitsa magalasi awo ndi cholembera chofiira. Chitseko cha kuchipinda chinatsekedwa.

Sewero linabwerera patatha mlungu, lili psuu. Maliro tsopano ali ndi anthu "osawerengeka". Mzukwa sudikiranso tsamba 11, ukuyamba kulankhula pa tsamba 1, agogowo asanamwalire n'komwe. Nditawauza kuti zimenezo sizitheka, anandifunsa ngati ndinakhalapo mzukwa. Nyumba sanapatse aliyense. Chondiwawa n'choti nthabwala zawo zikuseketsa kuposa zanga, moti azakhali anaseka mpaka kutsamwa.

Awonjezeramonso munthu wina amene ine sindinamulembe: mdzukulu wokonda kulembalemba. Ameneyo akumwalira pa tsamba 2. Wagwa pampando.