Ndani ankathira mafuta ku Montgomery?

Mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani ya kunyanyala mabasi ku Montgomery, mzinda wa ku Alabama ku America, yandizunguza mutu semesita yonse ino, osati chifukwa chovuta kuloweza ayi, madeti ake ndi owerengeka. Chimene sichinkandilowa ndi masiku a pakati paja. Mayi Rosa Parks amangidwa Lachinayi madzulo pa 1 Disembala 1955 atakana kupatsa mzungu mpando m'basi, pofika Lolemba m'mawa pa 5 mabasi akungozungulira mumzinda opanda okwera. Masiku atatu okha. Anthu masauzande anamva bwanji, nanga anagwirizana bwanji msanga chotero? Manotsi athu amangoti anthu akuda anakwiya ndipo ananyanyala. Koma mkwiyo unalipo kale zaka zonsezo, ndipo mkwiyo pawokha sudzutsa mzinda wonse tsiku limodzi, ola limodzi.

Za malamulo atsankho a Jim Crow ndi za Martin Luther King sindibwereza, tonse tinazilemba kale. Chimene chanditsegula maso ndi buku la Mayi Jo Ann Robinson, The Montgomery Bus Boycott and the Women Who Started It, lomwe linatuluka mu 1987. Mayiwa ankaphunzitsa Chingerezi pa Alabama State College ndipo ankatsogolera gulu la amayi lotchedwa Women's Political Council, lomwe Mayi Mary Fair Burks anayambitsa mu 1946. Taonani deti ili: pa 21 Meyi 1954, patangodutsa masiku anayi chigamulo cha Brown choletsa tsankho m'masukulu chiperekedwe, Mayi Robinson analembera kalata meya wa mzindawo, a W. A. Gayle, kuwakumbutsa kuti mwa okwera mabasi anayi alionse, atatu ndi akuda, ndi kuwachenjeza kuti mabungwe ayamba kale kukambirana zonyanyala. Apa n'kuti kwatsala chaka ndi theka kuti Mayi Parks amangidwe, ndipo King anali asanakhazikike n'komwe pa ubusa wake ku tchalitchi cha Dexter Avenue.

Ndiye usiku umene Mayi Parks anamangidwa panalibe zoyamba kuganiza. Mayi Robinson anapita ku koleji usiku womwewo, mnzawo wa pantchito anawatsegulira chipinda cha makina osindikizira, ndipo pamodzi ndi ophunzira awiri anachezera kupukusa makinawo, kudula mapepala, kumanga m'mitolo. Kunja kukucha anali ndi timapepala toposa 30,000. Lachisanu analowa m'kalasi kuphunzitsa ngati palibe chachitika, atatuluka n'kukwera galimoto kukatula mitolo ija m'masukulu, m'mashopu, m'malo ometera ndi okonzera tsitsi, kumene amayi a gululo ankadikira kale, aliyense akudziwa dera lake. Njira yogawira inakonzedwa kalekale, inkangodikira tsiku. A E. D. Nixon, omwe ankagwira ntchito m'sitima zapamtunda ndipo anali mkhalakale m'bungwe la apantchito, ndiwo anakatulutsa Mayi Parks pa belo, m'mawa wake n'kuyamba kuimbira abusa mmodzimmodzi. Lamlungu uthenga unamveka m'maguwa. Nyuzipepala ya Montgomery Advertiser nayo inaiika nkhaniyo patsamba loyamba, moti amene kapepala sikanawapeze anaimva kuchokera kwa azungu omwewo.

Mfundo yonse ndi imeneyi basi: chimene chimaoneka ngati chaphulika mwadzidzidzi chinali ndi anthu ochikonza, ndipo okonzawo ali ndi mayina. Zili ngati pamaliro kwathu kuno. Amene timamukumbukira ndi mlaliki, koma mwambo umayenda chifukwa adzukulu analawirira kumanda, amayi anachezera pamoto, wina anagwira kope la chipepeso. Ndikudziwa ena munazimva kale izi chaka choyamba, ine zandifika pano.

Ngakhale Mayi Parks eniake. Buku la Jeanne Theoharis, The Rebellious Life of Mrs. Rosa Parks la 2013, limagwetseratu chithunzi chija cha mayi wosoka zovala amene anangotopa miyendo. Anali ndi zaka 42, mlembi wa nthambi ya ku Montgomery ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, kuyambira 1943. Mu 1944 anapita ku Abbeville kukafufuza nkhani ya Recy Taylor, mayi wachikuda amene anagwiriridwa ndi gulu la azungu, nkhani imene Danielle McGuire akuyambira nayo buku lake la At the Dark End of the Street. Miyezi yochepa asanamangidwe anakachita maphunziro ku Highlander Folk School ku Tennessee, sukulu yophunzitsa omenyera ufulu. Sizikutanthauza kuti anatumidwa kukakhala pampando uja, mabuku onsewa sanena zimenezo. Koma pamene anakana, anakana munthu wodziwa bwino lomwe chimene chingatsatire, ndipo mzinda unkawadziwa.

Tsopano njira imene yandithandiza, ndipo ndikuti aliyense aiyese. Ndikamawerenga ndimagwira pensulo n'kumasaka ziganizo zobisa wochita. Buku likati timapepala tinagawidwa, ndimalemba m'mphepete kuti ndi ndani? Likati ndalama zinasonkhedwa, anthu ankanyamulidwa, ndimafunsa zomwezo. Kumapeto kwa kope ndinajambula mizere inayi: anasindikiza ndani, ananyamula ndani, analipira ndani, inamuthera ntchito ndani. Dzina likapezeka ndimaliika pamzere wake. Mzere ukakhala wopanda kanthu ndiye kuti bukulo landibisira china chake, ndikasake kwina. Kunena zoona ndikuona ngati palibe buku la mbiri ya anthu limene lingapirire mafunso anayi amenewa, kaya ndi la ku America, kaya la kuno. Ndayesa kale m'maganizo pa kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992. Tonse timadziwa amene anasaina, timadziwanso kuti inasindikizidwa ku Balaka. Nanga amene anainyamula mpaka kukafika m'maparishi onse kuti iwerengedwe Lamlungu limodzi, mayina awo ali m'buku liti?

Mzere umene unadzaza kwambiri ndi wa zonyamula, ndipo ndi pamene ndinasangalala zedi. Kunyanyala tsiku limodzi n'kosavuta. Koma mayi wogwira ntchito m'nyumba ya mzungu kutsidya la mzinda ayenera kufika m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, kwa masiku 381. Poyamba eni matakisi achikuda ankalipiritsa masenti 10, mtengo wa basi. Akuluakulu a mzinda anavumbulutsa lamulo loti takisi isalipiritse pansi pa masenti 45, njira imeneyo n'kutsekeka. King anaimbira foni mbusa T. J. Jemison wa ku Baton Rouge, kumene anthu ananyanyalapo mabasi mu 1953, kufunsa mmene anayendetsera zonyamulana pa galimoto za eni. (Baton Rouge imeneyi m'manotsi athu mulibe ndi mzere umodzi womwe.) Atatengera nzeru imeneyo, bungwe lotsogolera kunyanyalaku la Montgomery Improvement Association linasonkhanitsa galimoto pafupifupi 300, malo okwerera odziwika m'mawa ndi madzulo, anthu oyendetsa ndondomeko ya maulendo, komiti yake yotsogozedwa ndi a Rufus Lewis. Apolisi anayamba kuvutitsa madalaivala ndi timilandu ta pamsewu, King yemwe anamangidwa mu Januwale 1956 ati chifukwa chothamanga mamailosi 30 pamalo a 25. Mipingo itagula galimoto zake, makampani a inshuwalansi anayamba kuzikana, mpaka munthu wina wabizinesi wachikuda wa ku Atlanta, a T. M. Alexander, anakaipeza ku Lloyd's ya ku London. Inshuwalansi! Ndani akamaganiza za nkhondo ya ufulu amaganiza za inshuwalansi?

Nanga mafuta? Mbali ina inachokera m'mbale ya chopereka pamisonkhano ya m'matchalitchi, ina kwa akufuna kwabwino akutali. Koma dzina limene sindidzaliiwala ndi la Mayi Georgia Gilmore, wophika, amene anasonkhanitsa amayi anzake kumaphika nkhuku, makeke ndi zina n'kumagulitsa, ndalama n'kukazitula pamsonkhano. Gulu lawo analitcha Club from Nowhere dala, kuti wofunsa kumene ndalama zachokera asapeze dzina la munthu woti amuchotsetse ntchito. Eniakewo ntchito inawathera atakaperekera umboni kukhoti. Mayi Parks nawo inawathera ku sitolo ya Montgomery Fair, ndipo mu 1957 anasamukira ku Detroit atasowa pogwira. Mzere wachinayi uja ndi wautali kuposa mmene ndinkayembekezera. Aldon Morris mu The Origins of the Civil Rights Movement la 1984 amazinena mwaukatswiri, kuti mphamvu inachokera m'mabungwe ndi m'chuma cha anthu akuda eniake, makamaka mipingo. Ndinamuwerenga koyambirira kwa semesita osatolapo kanthu. Pano ndikabwerera ndikuona nkhuku za Mayi Gilmore pa tsamba lililonse.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi pamayeso sizidya malikisi. Aphunzitsi athu amafuna zifukwa zitatu, zotsatira zitatu, udindo wa King, basi watha. Nditafunsa m'kalasi za zimene anthuwo ankapempha poyamba, anangoti nthawi yatha, tikumane sabata yamawa, sabata yamawayo tinali kale pa zionetsero za ku Selma. Chonsecho ndi funso lokoma: poyamba sankapempha n'komwe kuti tsankho la m'mabasi lithe. Ankangofuna ulemu kwa madalaivala, kuti wofika msanga akhale pampando, akuda kuyambira kumbuyo azungu kuyambira kutsogolo, ndi kuti m'njira zodutsa m'madera a akuda mulembedwe madalaivala achikuda. Mzinda unakana ngakhale zochepa zomwezo. Zaka khumi za mbiri tikuzithamanga m'milungu iwiri, buku la Morris ku laibulale ndi limodzi, ukalipeza uli ndi mwayi, ndipo fotokope imene ikuzungulira m'kalasi ilibe masamba akumapeto kumene kuli magwero, omwe kwa ine ndiye ndiwo zake. Sindikuwada aphunzitsiwo, kalasi ndi yaikulu, koma mwina akanangotipatsa kalata ya 1954 ija tsiku loyamba n'kutifunsa kuti tikuonapo chiyani.

Pali pamodzi pamene mizere yanga inayi ikukanika, ndipo pakundisowetsa mtendere. Chimene chinathetsa tsankho m'mabasi mwalamulo si mlandu wa Mayi Parks, ndi wa Browder v. Gayle, umene loya Fred Gray anakasuma pa 1 Febuluwale 1956 m'dzina la amayi ena: Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin, mtsikana uja anamangidwa pa 2 Malichi 1955 ali ndi zaka 15, atsogoleri n'kuona kuti nkhani yake singakokere mzinda. Khoti laling'ono linagamula mowakomera mu Juni, khoti lalikulu la dzikolo linavomereza pa 13 Novembala 1956. Tsiku lomwelo, m'khoti la ku Montgomery, mzinda unapata chiletso choimitsa galimoto zonyamula anthu zija. Ndondomeko yonse imene ndakhala ndikuitamayi inaimitsidwa ndi woweruza mmodzi, anthu n'kubwerera kuyenda pansi mpaka chigamulo chinafika pa 20 Disembala.

Ndiye chikanakhala kuti khoti lalikulu linachedwa miyezi isanu ndi umodzi, akanapirira? Mbali ina ya mtima ikuti popanda kunyanyala mlandu uja sukanasumidwa n'komwe, ndipo oweruza nawo amawerenga nyuzipepala. Mbali ina ikuti pambuyo pa Brown chigamulo chotere chinali m'njira kale, kaya anthu akwere basi kaya asakwere. Ndiponso ndikamukankhira King pambali chonchi, kodi anthu akanayenda chaka chathunthu popanda mawu ake amene ankamva ku tchalitchi cha Holt Street ndi m'misonkhano yotsatira? Mawu alibe mzere m'kope langa. Asainimenti ikufunika Lachisanu ndipo sindinadziwebe kuti ndime yomaliza ndiiloze kuti. Amene mwawerenga Parting the Waters la Taylor Branch mpaka kumapeto kwa gawo la Montgomery, iye akuti chiyani pamenepa?